Kodi maphunziro a kawetedwe ka nkhuku angabweze ndalama zanu? Kuyerekeza njira zisanu kwa oweta pakhomo ku Kasungu

Ndalama za fodya ndi soya zikangoyamba kulowa m'matumba, zidziwitso za maphunziro a ulimi wa nkhuku nazo zimachuluka. Zina mumaziona zitamatidwa pakhoma la shopu ya zipangizo zaulimi pa Kasungu boma, zina zimabwera pa WhatsApp: tsiku limodzi kapena awiri, lipirani mwakuti, pomaliza setifiketi. Mayi kapena bambo amene ali ndi mathadzi 8, tambala mmodzi ndi anapiye angapo amayamba kudzifunsa ngati ndalamayo idzabwerere, kapena kuli bwino angogulira misoti ina iwiri.

Ndalemba izi poganizira woweta wa pakhomo, wa nkhuku zosapitirira 50, zambiri zachikuda, mwina ndi za Mikolongwe zingapo, zomwe zimadzisakira chakudya pabwalo n'kumalandirako madeya madzulo. Kwa ine kuphunzira n'kofunika kwambiri, chifukwa nkhuku zambiri zomwe timataya chaka ndi chaka zikanatha kupulumuka. Koma maphunziro ambiri olipira anakonzedwera munthu wina, osati inuyo, ndipo njira yodula si imene imapulumutsa nkhuku zambiri.

Zoyezera musanasankhe

Musanafunse mtengo, dziwani kaye chimene chikutha nkhuku zanu. Pakhomo la nkhuku zachikuda, zambiri zimatayika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi chitopa, chomwe ena amati chideru. Chikalowa m'khola losatemera chimatha kupsereza pafupifupi zonse m'masiku ochepa, ndipo kuno chimavuta kwambiri kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, dzuwa likamaswa mtengo. Chilibe mankhwala ochiza popeza chimayamba ndi vairasi. Tsabola, nimu ndi makapisozi a anthu sizichiletsa. Yachiwiri ndi imfa za anapiye m'masabata 6 oyamba: kabawi, mame a m'mawa, kuzizira kwa Juni ndi Julayi, utitiri, njala. Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 mpaka 15, kufungatira masiku 21, kenako kulera ana ake pafupifupi miyezi iwiri, choncho pachaka limaswa katatu kapena kanayi. Kuswa silivuta nako. Funso ndi lakuti mwa anapiye 10 amene aswedwa, ndi angati amafika pokhala misoti ndi atambala.

Maphunziro alionse ayenera kuyezedwa ndi mavuto awiri amenewa. Mukamatuluka, manja anu azitha kugwira nkhuku bwino n'kuidonthezera katemera m'diso. Maso anu azitha kusiyanitsa chitopa ndi chimfine chotupitsa nkhope, nthomba, ndi matenda a chitosi cha magazi. Muzidziwa kutsekera thadzi ndi anapiye ake masabata oyamba, ndi chowadyetsa ali m'katimo. Muzidziwanso kuwonjezera mphamvu m'madeya pogwiritsa ntchito zomwe zili pakhomo: soya wokazinga, nyenyeswa za usipa, chiswe, masamba obiriwira, makoko a mazira owotcha ndi kusinja. Izi sizilowa m'mutu pongoona zithunzi pakhoma la holo.

Mtengo musauwerenge m'makwacha okha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo sikhala malo amodzi. Werengani mu nkhuku. Phatikizani ndalama yolembetsera, thiransipoti, chakudya chapanjira, malo ogona ngati alipo, ndi tsiku lomwe mwasiya kudimba. Kenako funsani kuti zonsezo ndi mathadzi angati pamsika wa Santhe kapena Chinkhoma sabata ino. Ngati zikukwana theka la khola lanu, maphunzirowo ayenera kukhala ndi chifukwa chachikulu zedi.

Zotsala ndi zitatu: kodi amapezeka pafupi ndiponso pa nthawi imene mukuwafuna, kodi pambuyo pake muyenera kumagula kapena kuchita chiyani kuti zomwe mwaphunzira zigwire ntchito, nanga angakulowetseni m'mavuto otani.

1. Maphunziro olipira a tsiku limodzi kapena awiri

*Mtengo.* Iyi ndiyo njira yodula kuposa zonse. Akachitikira ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma, thiransipoti yokha ingathe kulingana ndi ndalama yolembetsera, ndipo wochokera ku Chamama kapena Nkhamenya amawonjezera ulendo wina pamwamba pake. Gawo lina la zomwe mwalipira limapita ku holo, chakudya chamasana ndi setifiketi. Setifiketiyo ingathandize amene akufuna ntchito pa famu kapena akupempha ngongole. Wa mathadzi 10 pakhomo alibe kokaionetsa.

*Kupezeka kwake.* Amabwera mwa apo ndi apo, makamaka miyezi imene anthu ali ndi ndalama. Simungawaitane tsiku limene nkhuku zayamba kuwodzera.

*Zofunika pambuyo pake.* Apa ndi pamene ndikupempha muchedwepo. Maphunziro ambiri otere amanena za nkhuku zachizungu, zanyama ndi zamazira, chifukwa ndi kumene kuli bizinesi. Zomwe amaphunzitsa n'zoona: kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba ya anapiye, utuchi wouma pansi, ndondomeko ya katemera wa chitopa ndi wa Gumboro (matenda ena ogwira anapiye), kusintha chakudya malinga ndi msinkhu. Koma zonsezi zimafuna mpamba. Nkhuku imodzi yamazira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku. Nkhuku 100 zimamaliza thumba la makilogalamu 50 m'masiku anayi okha, ndipo mumazidyetsa masabata 18 mpaka 20 musanaone dzira loyamba. Zanyama 100 zimafuna matumba 7 kapena 8 kuti zifike masabata 6, ndipo zikafika pamenepo ziyenera kugulitsidwa msanga, apo ayi zikudya phindu lanu tsiku lililonse. Munthu amatha kutuluka m'maphunziro atadziwa zonsezi bwinobwino, n'kufika pakhomo n'kupeza kuti palibe chimodzi chomwe angachite ndi mathadzi ake oyendayenda pabwalo.

*Zoopsa.* Choopsa chachikulu si kutaya ndalama yolembetsera ayi, koma kutengeka mtima. Masamu a pa bolodi amaoneka okoma: anapiye mwakuti, chakudya mwakuti, phindu mwakuti. Kawirikawiri sawerengera nkhuku zakufa, makala otenthetsera anapiye, kukwera kwa chakudya pakati pa ulendo, kapena ogula pangongole. Ena amakatenga ndalama ku banki m'khonde n'kugula anapiye 200 asanadziwe kuti akagulitsa kwa yani. Chinanso, aliyense angathe kubwereka holo n'kudzitcha mphunzitsi.

Sindikunena kuti onse ndi opanda pake. Alipo ophunzitsa amene ali ndi makola awoawo ndipo amadziwa ntchito. Musanalipire, funsani zinthu zinayi. Kodi ophunzitsayo amaweta, ndipo khola lawo lili kuti? Kodi padzakhala nkhuku yamoyo yoti aliyense aigwire ndi kuitemera? Ndi maola angati amene adzakambe za nkhuku zachikuda? Mukadzakumana ndi vuto mwezi wamawa, adzayankha foni? Ngati mayankho akuzungulirazungulira, sungani ndalama zanu.

2. Alangizi a boma ndi maphunziro a m'magulu

*Mtengo.* Malangizo salipiritsa. Zomwe mumawononga ndi nthawi ya misonkhano, kandalama ka katemera pa nkhuku iliyonse, ndipo nthawi zina gulu limasonkherana mafuta a njinga yamoto kuti alangizi afike. Katemera wa nkhuku zonse za pakhomo amatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi thadzi limodzi.

*Kupezeka kwake.* Kasungu ndiye likulu la chigawo cha zaulimi cha boma chotchedwa Kasungu ADD, chomwe chimayang'aniranso Mchinji, Dowa ndi Ntchisi, ndipo maofesi a zaulimi alipo m'madera monga Chulu, Kaluluma, Chamama, Lisasadzi, Santhe ndi Chipala. Kumeneko n'kumene mungafunse za alangizi a ziweto a dera lanu. Vuto lodziwika n'lakuti alangiziwo ndi ochepa poyerekeza ndi midzi imene ayenera kuyendera, ndipo ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba nazo zikuwadikira. Munthu mmodzi wa nkhuku 12 n'kovuta kuti amuyendere payekha. Mabanja 15 kapena 20 akagwirizana, n'kudziwitsa amfumu, n'kupangana tsiku, zimatheka. Mabungwe nawo amaphunzitsa kudzera m'magulu ndi m'sukulu za alimi za m'munda, koma amasankha okha madera ogwiramo ntchito, ndiye zimatengera kumene mukukhala.

Chimene chimandichititsa kuika njira iyi patsogolo ndi katemera wa chitopa wotchedwa I-2. Amapangidwa konkuno, ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndipo anakonzedwa poganizira nkhuku za kumudzi: amapirira kutentha kuposa akatemera ena, ndipo ndi dontho limodzi m'diso limodzi, kaya ndi mwanapiye wongoswedwa kumene kaya tambala wamkulu. Amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse, ndipo ambiri amatsata Marichi, Julayi ndi Novembala. Wa Julayi ndiye wosayenera kuphonya, chifukwa chitetezo chimatenga sabata imodzi kapena awiri kuti chikhwime, ndipo chiyenera kukhala chilipo kale chitopa chisanayambe kuyenda. Pa tsiku limodzi lotemera limodzi ndi alangizi kapena wotemera wa m'mudzi, mumaphunzira kugwira nkhuku, kudikira kuti dontho lilowe musanaitaye, kusunga kabotolo m'kansalu konyowa pamthunzi, ndi chifukwa chake nkhuku yodwala kale sitemeredwa. Zimenezi zimasintha khola kuposa zolemba za masamba 40.

*Zofunika pambuyo pake.* Gulu liyenera kukhala lamoyo. Kabotolo kamodzi kamakwana nkhuku mazana, ndiye pamafunika munthu wowerenga nkhuku za mudzi wonse, wotolera ndalama, ndi wokumbutsa anthu kuti asatsegulire nkhuku m'mawa wa tsikulo. Nkhuku zogona mumtengo kapena m'khitchini zimavuta kugwira, choncho khola limakhala sitepe yoyamba. Magulu ambiri amayenda bwino ulendo woyamba ndi wachiwiri, wachitatu n'kuzilala chifukwa chaka chimenecho chitopa sichinabwere ndipo anthu aona ngati atha nacho.

*Zoopsa.* Maphunziro a m'magulu amayenda pa liwiro la gulu, ndipo nkhuku zimangokhala mutu umodzi pakati pa manyowa, chimanga ndi kadyedwe koyenera. Pulojekiti ikatha, katemera amene ankabwera yekha amasiya kubwera, ndipo ngati palibe amene anaphunzira kokamugula, zonse zimaima. Palinso chizolowezi chopita ku maphunziro chifukwa cha alawansi, moti amene amasankhidwa nthawi zina si amene amadzuka m'mawa kukatsegula khola. M'makomo ambiri nkhuku amasamala ndi amayi ndi ana, ndiye wopita kukaphunzira akhale yemweyo. Pomaliza, I-2 amateteza ku chitopa chokha. Nkhuku zotemera zikafa ndi nthomba kapena njoka za m'mimba, anthu amati katemera ndi wabodza, ena mpaka kunena kuti ndiye wazipha. Mlangizi wabwino amafotokozeratu zimenezi tsiku loyamba.

3. Kuphunzira pakhola la woweta mnzanu

*Mtengo.* Pafupifupi palibe. Mwaulemu wake mumathandizako ntchito, kusesa khola, kukazinga soya, kapena kugulako misoti kwa iwo.

*Kupezeka kwake.* Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mayi kapena bambo amene nkhuku zawo zimatsala zina zonse zikatha. Mwina ndi mlimi wachitsanzo, mwina ndi agogo amene sanapiteko ku maphunziro alionse. Musatengeke ndi kukongola kwa khola. Funsani kuti akhala akuweta zaka zingati osayambiranso, ndi kuti mwa anapiye a thadzi limodzi amakula angati. Wodziwa ntchito amayankha ndi manambala, ndipo amakuonetsani.

Pali zinthu zomwe zimaphunzirika kuno kokha. Kukazinga soya ndi chimodzi: wosakazinga ali ndi zinthu zolepheretsa nkhuku kugaya chakudya bwino, wopserera wataya mphamvu, ndipo mtundu woyenera wofiirira pang'ono mumauzindikira mutaima pafupi ndi chiwaya. Chimodzimodzi kutalika kwa khola la m'mwamba loti likongwe ndi agalu asafikire, kuika mazira ochuluka bwanji pansi pa thadzi laling'ono, kusankha mazira osapitirira sabata imodzi kuti afungatiridwe, kukola chiswe ndi mphika wa zinyalala zonyowa, kapena kuwaza phulusa ndi kuyala nyenyeswa za fodya pansi pa chisa pothamangitsa utitiri. Kuno kwathu nyenyeswa zoterozo sizisowa.

*Zofunika pambuyo pake.* Ubale wabwino, ndi kubwerera kangapo pa nyengo zosiyana, chifukwa mavuto a dzinja si a chilimwe. M'dzinja ndi chinyezi, chitosi cha magazi ndi kusowa kwa madeya. M'chilimwe ndi chitopa ndi ludzu.

*Zoopsa.* Mumatengera zabwino pamodzi ndi zolakwika. Woweta waluso pa anapiye angathe kukhala yemweyo amene amasungunulira nkhuku makapisozi a kuchipatala m'madzi, kapena kuzipatsa chimanga chovunda ndi mtedza wachuku, zomwe zimafooketsa nkhuku ndi kuchepetsa mazira. Pa za matenda ndi mankhwala, mawu ake muziwatsimikiza kwa alangizi a ziweto. Chachiwiri n'choti matenda amayenda pa nsapato, pa zovala ndi pa matayala a njinga. Musalowe m'khola la wina kwanu kukufa nkhuku, ndipo mukachoka kwa iwo sambani m'manja ndi kusintha nsapato musanalowe m'khola lanu.

4. Malangizo a ogulitsa anapiye, chakudya ndi mankhwala

*Mtengo ndi kupezeka kwake.* Ndi aulere, ndipo shopu imatsegulidwa tsiku lililonse pa boma ndi m'misika ikuluikulu. Makampani ena a anapiye ndi chakudya amachititsanso masiku ophunzitsa makasitomala awo. Pa kasamalidwe ka anapiye a tsiku limodzi, amene amawagulitsa amadziwadi, chifukwa anapiye akamafa kasitomala sabweranso.

*Zofunika pambuyo pake.* Malangizo onse amathera pa kugula: chakudya cha m'thumba, mavitamini, mankhwala othira m'madzi. Kwa nkhuku zachizungu n'zofunikadi. Kwa thadzi lachikuda lomwe limaikira mazira 40 mpaka 60 pachaka, chakudya chogula cha tsiku ndi tsiku sichingabweze ndalama yake. Chimene chimapindula ndi kathumba kakang'ono ka chakudya cha anapiye, ka masabata oyamba okha.

*Zoopsa.* Si aliyense woima pakauntala amene anaphunzira za ziweto, ndipo nkhuku yanu sanaione. Mukafotokoza kuti ikuwodzera, mumapatsidwa mankhwala opha mabakiteriya, omwe pa chitopa ndi kutaya ndalama. Werengani pa paketi masiku oyenera kudikira musanadye mazira kapena nyama ya nkhuku yomwa mankhwala. Pogula katemera wina wa chitopa wotchedwa LaSota kapena wa Gumboro, onetsetsani kuti akuchokera mufiriji yogwira ntchito, funsani mmene amachitira magetsi akazima, ndipo mutengereni m'kachidebe ka madzi oundana. Akasungunulidwa ayenera kutha m'maola awiri, ndipo kabotolo kake ndi ka nkhuku 500 kapena 1,000, kotero wa nkhuku 20 amataya wambiri.

5. Wailesi, WhatsApp, Facebook ndi YouTube

*Mtengo.* Wailesi ndi yaulere. Zinazo zimadya bandulo, makamaka mavidiyo. Palinso makalasi olipira a pa WhatsApp, otsika mtengo kuposa a mu holo popeza mulibe thiransipoti.

*Kupezeka kwake.* Usiku ndi usana, bola netiweki ndi batire. Mapulogalamu a zaulimi a pa MBC, Zodiak ndi wailesi za m'madera ali ndi ubwino woti amalankhula Chichewa, amatsata nyengo yathu, ndipo kawirikawiri olankhulawo ndi alangizi enieni.

*Zofunika pambuyo pake.* Kusefa, ndipo kusefako kumafuna kuti mukhale mukudziwako kale. Vidiyo ya ku Kenya kapena Nigeria ingakuonetseni bwino kapangidwe ka chomwera madzi cha chigubu, koma ikafika pa kasakanizidwe ka chakudya imatchula zinthu zomwe pa Mtunthama simungazipeze. Za ku Ulaya ndi America zimanena za nkhuku zosungidwa ngati zoseweretsa, m'makola otenthetsedwa ndi magetsi.

*Zoopsa.* Mukaponya chithunzi cha nkhuku yodwala pa gulu, mumalandira mayankho khumi otsutsana, aliyense wotsimikiza, ndipo pamene mukuyesa lachitatu matenda afika kale kwa anansi. Kulipira pafoni kwa munthu amene simunamuonepo kumatha ndi kulandira zolemba zokopera pa intaneti, kapena gulu kungotsekedwa. Phindu lenileni la magulu amenewa, mwa kuona kwanga, ndi msika ndi chenjezo: kudziwa amene akufuna nkhuku zachikuda za ukwati kapena za Khirisimasi, ndi kumva msanga kuti chitopa chayamba mbali ya kwanu.

Za makoleji monga Bunda ndi NRC a LUANAR, kapena sukulu ya za ziweto ya ku Mikolongwe, sindichedwapo. Amenewo ndi maphunziro a zaka, a munthu amene akufuna kudzakhala mlangizi kapena woyang'anira famu. Ngati mwana wanu ali ndi mtima umenewo, mulimbikitseni, koma si yankho la khola la kuseri kwa nyumba.

Ndiye inu musankhe iti?

Ngati muli ndi nkhuku zachikuda zosakwana 20, za ndiwo, za alendo ndi zogulitsa pakagwa vuto la fizi kapena matenda, musalipire maphunziro a mu holo. Pitani ku ofesi ya zaulimi, funsani za alangizi a ziweto ndi tsiku la katemera, sonkhanitsani anansi. Ndalama yomwe mukanalembetsera igwire ntchito ya khola ndi kakhola ka anapiye. Zotsalazo kaphunzireni kwa woweta wa m'mudzi mwanu amene nkhuku zake sizitha.

Ngati mwatemera chaka chathunthu osaphonya, nkhuku zafika 30 kapena 50, ndipo mwayamba kugulitsa mwezi ndi mwezi, vuto lanu lasintha. Pabwalo sipangakwanitsenso kudyetsa zonsezo, ndiye muyenera kudziwa kusakaniza chakudya moyeza, kusintha tambala kuti asakwere ana ake, kulemba zolowa ndi zotuluka, ndi kuganiza ngati za Mikolongwe kapena Kuroiler (mtundu wosakaniza wopatsa mazira ndi nyama) zingakupindulireni. Apa maphunziro olipira angabweze ndalama, bola akhale a nkhuku zachikuda ndi zosakaniza, ochitikira pa khola lenileni, ndipo mtengo wake wonse usapitirire mathadzi awiri kapena atatu. Njira ina yabwino ndi yoti gulu lisonkhe ndalama n'kuitana wophunzitsayo kumudzi, adzaone makola anu momwe alili, kusiyana n'kuti munthu mmodzi apite ku Lilongwe.

Ngati mukukhala m'tauni, pabwalo n'pochepa, ndipo mukufuna nkhuku zamazira 10 kapena 20 zotsekera kuti ana azidya mazira, gulani misoti yotsala pang'ono kuikira m'malo mwa anapiye. Mukatero mwadumpha gawo lovuta kwambiri, ndipo zotsalazo, chakudya, madzi oyera, chisa ndi kuwala, wogulitsa wodalirika ndi alangizi angakufotokozereni tsiku limodzi. Nkhuku 10 zimamaliza thumba la makilogalamu 50 m'masabata pafupifupi 6. Yerekezani mtengo wa thumbalo ndi wa mazira omwe mungatole m'masabata amenewo musanagule ngakhale imodzi.

Ngati mwatsimikiza zolowa bizinesi ya nkhuku zanyama kapena zamazira 100 kupita m'tsogolo, ndipo mpamba wa chakudya cha ulendo wonse muli nawo kale m'manja, lipirani maphunziro. Kulakwitsa usiku umodzi pa kutentha kwa anapiye kungakutayitseni ndalama zoposa zolembetsera kangapo. Koma phatikizanipo masabata angapo othandiza ntchito pa khola la munthu amene akuchita kale bizinesiyo, kuyambira tsiku lofika anapiye mpaka tsiku logulitsa, ndipo ulendo woyamba yambani ndi 50.

Ngati ndinu wachinyamata wofuna kupezapo kangachepe, funsani alangizi za maphunziro a otemera nkhuku a m'mudzi. Ndi aafupi, ndi a manja, ndipo wotemera amalandira kandalama pa nkhuku iliyonse katatu pachaka, kwinaku akuteteza khola lake lomwe, chifukwa nkhuku za anansi zikatemeredwa matenda amasowa podzera.

Ndipo ngati chitopa chinakupserezerani zonse chaka chatha ndipo mukufuna kuyambiranso, musathamangire maphunziro kapena msika. Chotsani zitosi zonse ndi zisa zakale n'kuziwotcha, tsukani khola, lisiyeni lopanda kanthu kwa mwezi wathunthu dzuwa lilowemo. Misoti yoyambira igulidwe pakhomo lomwe mukudziwa kuti amatemera, osati kwa mavenda a pamsika, kumene nkhuku za midzi yambiri zimakhala mu dengu limodzi ndipo ena amagulitsa mofulumira akaona kuti kwawo zayamba kufa. Nkhuku iliyonse yatsopano, ngakhale yopatsidwa ndi apongozi, ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake, ndipo itemeredwe mkati mwa masiku amenewo.